Bwato la Mwandida ndi Okalamba Atatu pa Chulu

Kalekale, mlatho usanamangidwe pa mtsinje wa Livuwa, m'mudzi wina wa kuchigwa munali mtsikana dzina lake Mwandida. Makolo ake anamwalira iye mano a ubwana asanathe kuguluka. Abale amene anabwera kumaliro anagawana mbuzi, makasu ndi mphasa, koma za mwanayo palibe anatchulapo. Anthu atabalalika, Mwandida anamanga kansalu kake m'chiuno n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

"Odi kuno! Ndikufuna ntchito."

"Ntchito yanji iwe, msinkhu umenewo?"

"Iliyonse. Ndikapanda kuidziwa lero, mawa ndiidziwa."

Ena ankaseka, ena ankamupatsa kambatata n'kumuuza kuti apitirire kutsogolo. Iye mbatatayo ankalandira ndi manja awiri, koma pakhomo lotsatira ankafunsanso ntchito.

Woyamba kumutsegulira anali Nachanza, mayi wa ana amapasa, amene mwamuna wake anapita kutali kukafuna ntchito osabwereranso.

"Lowa mwanawe," anatero Nachanza. "Ine ndikamalima kudimba, iwe uzibereka mmodzi, winayo uzimuyang'ana."

Nachanza sankamupatula. Mwandida ankadya m'mbale imodzi ndi mapasawo, kufunda chofunda chimodzi, ndipo tsitsi lake linkametedwa ndi manja omwe ankameta ana a m'nyumbamo. Anaphunzira kumanga mbereko yosamasuka, ndi kusiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa matenda. Tsiku lina dzuwa litaswa mtengo, anasinza pansi pa mtengo wa mango ndipo mwana mmodzi anakwawa kulunjika kumtsinje. Nachanza anataya khasu, kuthamanga, n'kumugwira mwendo atatsala pang'ono kugwera m'madzi. Mwandida anatseka maso kudikira mbama, koma mbama siinabwere. Nachanza anakhala naye pansi.

"Tamvera. Munthu akakupatsa mwana wake kuti umusunge, usamagone mobisa. Ukatopa unene kuti watopa, ine ndibwere. Wamva?"

"Ndamva amayi."

Kuyambira pamenepo Mwandida sanasinzenso pantchito. Koma kunadza chaka cha chilala, chimanga chinapsa chisanamasule, ndipo m'nkhokwe munatsala fumbi lokha. M'mawa wina Nachanza anamugwira dzanja n'kupita naye kudooko, kumene anthu ankakwerera bwato.

"Ndilibe chokupatsa mwanawe. Ndikakusunga, mapasa anga afa."

Ananena akulira, koma anamusiya pomwepo, ndipo pobwerera sanacheuke.

Wachiwiri anali a Chikadza, mwini bwato la padookopo, munthu wamfupi, wa mawu okalipa, wopanda mkazi kapena mwana.

"Ine sindilera ana," anatero. "Pano amadya ndi wogwira ntchito. Tenga chikho icho, uzikapa madzi m'bwato."

Mwandida anakapa madzi mpaka msana unauma. Kenako anapatsidwa nkhafi, imene inali yaitali kuposa iye. Akalakwitsa kupalasa, a Chikadza ankamumenya ndi nkhafi yawo pamsana, ndipo tsiku lina anamutema paphewa n'kusiya chipsera chosafufutika. Anthu okwera ankadandaula: "Madala, mwanayu mumupha!" Iwo ankayankha kuti mtsinje ndiye udzamupha akapanda kumva. Pakati pa kukalipako ankamusonyeza madzi: apo pakuzungulirapo pali chitsa pansi, apo pali zii pakati pa mkokomo ndi pakuya, thovu ilo ndi mvuu, madzi akasanduka ofiira ndiye kuti kumapiri yagwa yambiri. Sanamuuzepo n'kamodzi komwe kuti wachita bwino.

Tsiku lina Mwandida anaimirira m'bwato kuti akankhe chipika choyandama, phazi linaterereka, ali m'madzi phava! Panali pafupi ndi pamchenga pamene ng'ona zinkawothera dzuwa. Okwera anakuwa, koma a Chikadza anadumphiramo ndi malaya omwe. Anamukankhira m'bwato, ndipo pamene iwo ankakwera, ng'ona inawagwira mkono wamanja. Anailasa m'diso ndi chala mpaka inawasiya, koma mkonowo unatsala wong'ambika. Atafika kumtunda magazi ali chuchuchu, anamuwomba Mwandida mbama ndi dzanja lamanzere.

"Anakuuza ndani kuti m'bwato amaimirira chotero?"

Bala linapola koma mkono unafota. Mwandida ndiye anayamba kuwolotsa anthu, mwini bwato ali khale kumbuyo. Anthu atayamba kunena poyera kuti mtsikanayu akupalasa bwino kuposa mbuye wake, a Chikadza zinawawawa. Anamulanda nkhafi pamaso pa anthu.

"Choka pano. Ndipeza mnyamata."

Wachitatu anali a Dzombe, wosema mabwato, amene ankagwira ntchito yawo pansi pa mkuyu kumtunda kwa dooko. Iwowa anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa wina.

"Ndakhala ndikukuona pamadzi," anatero. "Undithandize kusema. Tsiku lina udzakhala ndi bwato lakolako."

Mwandida ananola kasemasema, anakoka zipika, anasesa zipalapasiro, kenako anayamba kusema mkati mwa bwato. A Dzombe sankamenya, sankakalipa. Akalakwitsa ankangogwira dzanja lake n'kuliika pamtengo. "Sema pang'ono, gogoda, umvetsere. Likalira mopepuka, leka, pamenepo pafika." Anamuphunzitsa kumata mng'alu ndi utomoni ndi nsanza, ndiponso kusasiya ntchito pakati ngakhale dzuwa litawawa bwanji. Koma mabwato ankatha n'kutengedwa ndi eni ake, ndipo akafunsa za lake yankho linali limodzi: "Chaka chamawa mwanawe." Komanso popita kunkhalango kukasankha mtengo woyenera bwato, a Dzombe ankapita okha. Luso limenelo sankafuna kugawana ndi munthu.

Zaka zinapita, Mwandida anakula n'kukhala mayi wamphamvu zake, ndipo maso a a Dzombe anayamba kuchita khungu. M'mawa wina Mwandida anaika kasemasema pansi.

"Bambo, lero sindinola kanthu mpaka mundiuze kumene kuli bwato langa."

A Dzombe analoza chipika cha mbawa, chabwino kuposa zonse zimene zinali pamenepo.

"Icho. Udzisemere wekha."

Anasema yekha, ndipo bwato linatuluka lowongoka, lopepuka pamadzi. Anayamba kuwolotsa anthu m'dzina lake, anamanga nyumba yake, ndipo ana amene ankabwera kudzafunsa ntchito padooko sankawabweza.

Tsono chaka china mvula inagwa kumapiri osalekeza. Mwandida ataona madzi afiira, anachenjeza anzake padooko, koma iwo anati mtsinje umatero chaka chilichonse. Iye anakokera bwato lake kumtunda n'kulimangirira pamkuyu. Kutacha, dooko kunalibe, mabwato onse atapita, ndipo madzi anali atazinga mudzi mbali zonse. Nyumba zadothi zinayamba kugwa. Anthu anathawira pa chulu chachikulu cha pakati pa mudzi, ndipo malo ouma anali kutsidya, paphiri.

Mwandida anamasula bwato.

"Ana ayambe!" anafuula. "Kenako amayi apakati. Wokankha mnzake ndimutsitsa."

Anapalasa kuyambira m'mawa, kupita ndi kubwera, akuzemba zitsa ndi madenga oyandama. Ana akalira ankawaimbira uku akupalasa, wamng'ono kwambiri atamubereka kumsana. Zikhatho zake zinatuluka matuza, matuza anaphulika, iye anakulunga nsanza n'kupitiriza. Anthu a paphiri anamugwira mkono.

"Puma pang'ono, ugwa!"

"Ndikapuma, madzi apumanso? Ndisiyeni."

Dzuwa litapendeka, pachulu panatsala okalamba atatu okha amene ankangoti ena ayambe. Koma paulendo womaliza wa ena aja, chimtengo chozuka ndi mizu yomwe chinagunda bwato n'kuthyola mbali imodzi. Mwandida analifikitsa paphiri madzi ali m'mawondo. Anang'amba chitenje chake, anamata mng'alu ndi utomoni umene mayi wina anasungunula mwachangu, koma pamene panathyoka panalibe chobwezeretsa. Anayesa kukweza amuna awiri pafupi ndi mtunda, madzi analowa nthawi yomweyo. Anatsitsa mmodzi, bwato linayandama. Linali la wopalasa ndi munthu mmodzi basi.

"Usapitenso," anthu anamuchonderera. "Wachita mbali yako."

Iye anatenga nkhafi n'kukankha bwato.

Atafika, chulu chija chinali chitatsala kansonga kokha, ndipo dothi linkagumuka m'mbali zidutswa zikuluzikulu. Pamwamba pake panali Nachanza, miyendo yake itatupa moti sakanatha kuima osagwirira. Panali a Chikadza ndi mkono wawo wofota. Panali a Dzombe, maso atafera, akupapasa udzu. Madzi anali atawafika m'mapazi.

"Bwato lathyoka," anatero Mwandida. "Nditenga mmodzi, ndibweranso."

A Chikadza anaseka mowawa. "Usaname iwe. Tayang'ana madziwa. Ndinakuphunzitsa ndine."

Mwandida anayang'ana mmene madzi ankadyera chulu kunsi, ndipo anadziwa kuti pobwera sadzapeza kanthu.

"Ndiye kwerani awiri, ine nditsale."

"Apalase ndani?" anafunsa a Chikadza. "Wakhunguyu? Mayi wosatha kukhala tsongayu? Kapena ine ndi dzanja limodzi pamkokomo uwu?"

Kenako Nachanza analankhula.

"Mwanawe, ndinakusiya padooko, sindikukana. Koma pamene aliyense ankakutsekera chitseko, ine ndinakutsegulira, ndipo pamene chakudya chinalipo sunagonepo ndi njala. Mmodzi wa mapasa aja anamwalira, ukudziwa. Ana ake ali pakati pa ana amene wawawolotsa m'mawa muja, akundidikira paphiripo. Alibe wina."

A Dzombe anatembenukira kumene kunkachokera mawu a Mwandida.

"Ine ndinakuchedwetsa, ndinakumananso luso la kusankha mtengo. Ndinkaopa kuti ukadziwa zonse undisiya. Koma bwato wakweralo linachokera m'manja mwanga, ndipo mabwato ena onse apita. Madzi akaphwa, mudzi udzawoloka ndi chiyani? Mtengo ndimaudziwabe ndi zala ndi khutu. Nditenge, ndikakuuze zonse."

Mwandida anayang'ana a Chikadza, kudikira. Iwo anayang'ana kumbali.

"Ukundiyang'ana chiyani? Ine ndilibe zidzukulu, ndilibe luso lobisa, zonse ndinakupatsa. Sindinapemphepo kanthu kwa munthu, sindiyamba lero." Kenako anakalipa: "Bwato likupendekera kumanzere, wongola!"

Pamene ankanena zimenezi dothi linagumuka pansi pa phazi lawo, ndipo anayesa kugwira udzu ndi mkono wofota uja, koma zala sizinafumbate. Anachita kugwidwa malaya ndi Nachanza.

Mwandida anazika nkhafi m'dothi la chulu, anapanikiza bwato ndi bondo kuti lisatengedwe, n'kutambasula dzanja lake lokulungidwa nsanza. Misozi analibe, nthawi yolira panalibe. Anthu atatu anali pamaso pake, ndipo aliyense anali atamupatsa chinthu chimene chinamufikitsa pachulupo tsiku limenelo. Aliyensenso anali atamulakwira.

Ine nkhani yanga ndaifikitsa pamenepa, dzanja la Mwandida lili m'malere ndipo madzi akukwerabe. Inu amene munayamba ntchito muli ana, amene mukukumbukira wokudyetsani, wokumenyani ndi wokulonjezani, tandiuzani. Akweze Nachanza, amene anamusandutsa mwana wa m'nyumba koma n'kumusiya njala itafika? Akweze a Chikadza, amene anamuphunzitsa pomumenya ndi nkhafi n'kumuthamangitsa, koma anapereka mkono wawo kwa ng'ona chifukwa cha iye? Kapena akweze a Dzombe, amene anamudyera thukuta zaka zambiri, koma anamupatsa luso ndi bwato, ndipo mudzi ukuwafunabe? Mukanakhala inu ogwira nkhafiyo, dzanja lanu likanagwira la yani?