Malaya Asanu a Bambo Phulusa

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, bambo wina ankagwira ntchito yosunga mafayilo m'kachipinda ka pansi pa masitepe, ndipo zaka zonsezo ankavala zotuwa zokhazokha. Malaya otuwa, thalauza lotuwa, jekete lotuwa mofanana ndi makabati amene ankawasamalira. Anzawo mu ofesimo anawapatsa dzina loti a Phulusa. Tsiku lina mayi wokolopa anawapukuta paphewa ndi kansanza poganiza kuti ndi kabati, iwo n'kungoti zikomo. Ankaseka nawo anzawowo, koma kunena zoona zinkawapweteka kuti munthu wofika m'mawa uliwonse sankaonedwa.

Nyengo yotentha itayamba, bwana analengeza kuti Lachisanu masana a Phulusa adzalandira satifiketi chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali. Chachikulu chinali chithunzi: adzawajambula akugwirana chanza ndi bwana, ndipo chidzapachikidwa pakhoma polowera, pamene pamadutsa aliyense. A Phulusa anafika kunyumba mtima uli m'mwamba.

"Kagulenitu malaya owala, bambo," anatero akazi awo. "Amodzi okha. Achikasu angakukhaleni bwino."

Kusitolo anapeza mayi wogulitsa wodziwa kunyengerera, uja woti angagulitse chipeso kwa wadazi. Anawaveka achikasu n'kuwaimika pagalasi. A Phulusa anadziyang'ana nthawi yaitali, misozi ikulengeza, pakuti aka kanali koyamba kuona munthu m'galasimo. Akanangolipira n'kumapita, nkhani ino sikanakhalapo. Koma mayi uja anatulutsa obiriwira, kenako ofiira, kenako amaluwamaluwa, kenako amizeremizere. Anabweretsanso jekete la mbali ziwiri, kunja labuluu, ukalitembenuza laolenji, ndi thalauza la zipi m'maondo limene limasanduka kabudula. Chilichonse ankati chimapita paliponse, kuntchito, kumpira, kokacheza. A Phulusa anatenga zonse.

Akazi awo ataona matumbawo anagwira pakamwa, n'kuwakumbutsa kuti anati amodzi. Iwo anayankha modekha kuti pepala lililonse limakhala ndi tsiku lake.

Lachisanu m'mawa vuto linaoneka. Akavala achikasu, obiriwira ankawayang'ana mwachisoni ali pabedi. Akavala obiriwira, amaluwa ankaoneka ngati amasiye. Munthu amene sanatayepo ngakhale kapepala kamodzi pa zaka zonsezo sakanatha kusiya malaya kunyumba. Choncho anachita zimene ankazidziwa: anasanja malayawo pathupi monga amasanjira fayilo. Achikasu pansi penipeni, chifukwa chikalata chofunika chimakhala potetezeka, pamwamba pake obiriwira, ofiira, amaluwa, amizere, jekete n'kukhala chikuto. Analemba ndondomeko pakakhadi: jekete labuluu polowa, kulitembenuza pakatha ola, kenako kumavula malaya amodziamodzi mpaka masana atsale achikasu a pachithunzi. Mwanjira imeneyi ofesi yonse idzaona mtundu uliwonse.

"Dzuwa lake limeneli, bambo?" anafunsa akazi awo. "Mukapsatu."

"Mayi, zonse zili m'dongosolo."

Anatuluka manja atatangadza ngati nkhuku yomva kutentha. M'basi anadzaza malo a anthu awiri. Pageti mlonda anawaimitsa n'kuwafunsa chiphaso, ati nkhopeyo sanaionepo, ndipo a Phulusa anasangalala koopsa. Mu ofesi ena anafunsa ngati alumidwa ndi njuchi, ena anatuluka m'zipinda zawo kudzangowaona. Thukuta linali litayamba kuyenderera kumsana, koma munthu woonedwa koyamba samva kutentha.

Jekete asanalitembenuze n'komwe, mlembi wa bwana anabwera ndi uthenga woti bwana ali ndi ulendo, mwambo uchitika pompano, panja pabwalo pamene pali kuwala kokwanira. Ndondomeko ija inalibe mzere wa zimenezi. A Phulusa anathamangira kuchimbudzi kuti akavule zonse kamodzi. Kumeneko anapeza kuti manja sakupindika kufika pa mabatani, ndipo batani limodzi limene analikhudza linkaterera ndi thukuta. Poyesa kuwerama, zipi wa bondo lamanzere anatseguka yekha, mwendo wa thalauza n'kugwera pansi. Mlembi ankagogoda kuti bwana sadikira. Anatuluka momwemo, mwendo wina uli m'thalauza, wina uli m'kabudula.

Bwanayo, ngakhale anali ndi ulendo, anali wokonda kumva mawu ake. Anayamba ndi mbiri ya kampani kuchokera pamene inali ndi tebulo limodzi. Anthu anabisala m'mithunzi, koma wolandira ulemu anayenera kuima pakati, dzuwa likuswa mtengo. A Phulusa anayamba kuona abwana awiri, onse akulankhula. Anakukuta mano n'kudziuza kuti wapirira zaka makumi awiri ndi zisanu sangagonje ndi mphindi zochepa.

Pomaliza bwana anatambasula dzanja, wojambula n'kunena kuti awerenga mpaka katatu. Pa kamodzi, a Phulusa anamwetulira. Pa kawiri, bwalo linazungulira. Pa katatu, anagwera kumbuyo, miyendo m'mwamba, kamera n'kulira.

Sanavulale, pakuti malaya asanu ndi jekete ndi matiresi okwanira. Anzawo anawanyamulira pamthunzi n'kuyamba kuwasenda ngati anyezi, akutchula mtundu uliwonse ndi kuuyamikira, mwini wake asakumva kanthu. Atafika pansi pa fayilo anapeza kuti utoto wa malaya enawo wasungunuka ndi thukuta n'kutsikira pa achikasu aja. Anali atasanduka otuwa.

Pamene a Phulusa ankatsitsimuka, bwana anali atanyamuka ndipo wojambula anali atapita ku ntchito ina. Chithunzi chinalipo chimodzi chokha, ndipo poti lamulo la kampani linkati chipachikidwe, chinapachikidwa. Chikadalipo polowera paja: bwana akumwetulira, akugwirana chanza ndi mphepo, ndipo pakona yam'munsi pakuoneka zidendene za nsapato ziwiri ndi bondo limodzi. Alendo akafunsa kuti nsapatozo n'za yani, mlonda amakanda m'mutu n'kunena kuti akafunse mkati.

Loweruka akazi awo anachapa zonse n'kuziyanika, chingwe chonse chili waliwali kupatula malaya amodzi, achikasu aja amene anasanduka otuwa. A Phulusa anakhala pampando akuwayang'ana malaya amodziwo, mtima ukuwawa, pozindikira kuti akanavala okhawo bwenzi nkhope yawo ili pakhoma. Mayiwo sanawakalipire. Anangowapatsa kapu ya madzi ozizira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Paja akuluakulu anati, ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."