Tsiku Limene Lusubilo Sanatsike Basi

Mayi Ketrina Mhango anali ndi kampani yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ofesi yake kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ku Maryhill, dera lina la mzinda wa kutsidya kwa nyanja. Antchito analipo khumi ndi anayi, koma pakamwa pa abwanawo pankakhala dzina limodzi. Wina akadwala, Lusubilo. Wina akasiya ntchito, Lusubilo. Mtsikanayo sankadziwa kukana, ndipo nkhalamba za dera lapafupi la Partick zinkamulirira ngati mwana wobala zokha.

Mu Novembala amayi ake a Lusubilo anamwalira ku Karonga. Maliro anawaonera pa foni, atakhala pamasitepe a nyumba ya wodwala. Mawa lake anabwera kuntchito ngati kale.

Tione, amene ankakonza ndandanda ya mashifiti, analowa kwa abwana mtima uli m'mwamba.

"Mayi, Lusubilo mumuyang'ane bwino. Masabata asanu osapumako. Dzulo ndamupeza akulira m'bafa, ndipo chakudya akungochiyang'ana. Mupatseniko sabata imodzi."

"Wadandaula kwa iwe?"

"Ayi, Mayi."

"Nanga ukumudwalitsiranji? Kuno tinabwerera ntchito, Tione. Za sitiresizi n'za azungu. Chisoni chimatha manja akamagwira ntchito."

Ndipo kampani italandira okalamba asanu atsopano, atatu anawaponya m'manja mwa Lusubilo.

Lachiwiri lina m'mawa, kamvula kakuwaza, foni inalira. Anali mwana wa nkhalamba ina ya ku Partick, mawu ali moto: teni koloko yakwana, amayi ake akadali pabedi, sanasambe, mankhwala sanamwe. Mayi Mhango anaimbira Lusubilo kasanu konse. Kachisanu ndi chimodzi anayankha ndi dalaivala wa basi. Anati mtsikanayo wakhala m'basimo mpaka kumapeto kwa ulendo, akunjenjemera, osalankhula.

Mayi Mhango anathamangirako. Anamupeza pabenchi, yunifolomu ili m'thupi, maso ali gwa pansi.

"Pepani, Mayi," anatero Lusubilo. "Ndinafika pasiteji, koma miyendo inakana kutsika. Agogo aja sanadye. Pepani."

Mayi Mhango anabwera ndi ukali, koma unawathera pomwepo. Munthu wafika potere, n'kumapepesabe! Anavula jekete lawo namufunditsa.

Dokotala anamulembera miyezi itatu yopuma. Posowa wolowa m'malo, abwana anavala okha yunifolomu. Anakwera masitepe a nyumba zosanja, kunyamula, kusambitsa, kupirira matukwano a nkhalamba zoiwala. Pofika Lachisanu msana unali utauma ngati thabwa, pamene iwo anangosenza theka la katundu wa mtsikana uja.

Anaitana antchito onse. Anakhazikitsa masiku opuma osakambirana, tchuthi cha maliro, ndi mlangizi woti aliyense azikamuuza za kukhosi mwachinsinsi. Pamaso pa onse anati, "Tione anandiuza, ine ndinatseka makutu. Ndinalakwa."

Ena anapindula nazo. Koma miyezi itatu itatha, m'malo mwa Lusubilo munabwera kalata yaulemu, ya mizere inayi: akupita kwa mkulu wake ku Edinburgh, ndipo ntchito yosamalira anthu waisiya. Mabanja awiri amene ankamukonda nawonso anaisiya kampaniyo.

Mayi Mhango anaipinda kalatayo. Ankayesa kuti wosadandaula ndiye wolimba, osadziwa kuti akuluakulu anaona patali ponena kuti ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.