Nguluwe Akana Chibale cha Kankhono

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, kutali uko kumene mtsinje umathira m'nyanja ya mchere, kunali chidambo cha matope. Madzi a kumeneko sakhazikika. Amabwera, amapita, amabweranso. Pamatopepo pankakhala Kankhono ndi ana ake, tinthu tating'ono ngati nyemba.

Nyama za kumeneko zinali ndi pangano: wopuma mpweya asadye mnzake wopuma mpweya, ndiwo ndi za m'madzi zokha. Ndiye Nguluwe, mimba patsogolo, ankangofukula. Nkhanu, kukutu! Nkhono za m'madzi, kukutu! Tsiku lina mphuno yake inagunda Kankhono.

"Ndiwo zanga izi," anatero Nguluwe, malovu ali chuchuchu.

"Pepani achimwene, ine si wa m'madzi," anayankha Kankhono. "Asuweni anga mumadya aja ali ndi kachitseko kotsekera chigoba. Ine ndilibe. Taonani m'mbalimu, kabowo aka. Ndimapumira pomwepa, mpweya womwewu mukupuma inuwu."

Kabowoko kanatseguka, kanatsekeka, kanatsegukanso. Nguluwe anangoseka.

"Wa kumtunda wanji wogona m'matope? Chigoba n'chigoba basi. Iwe ndi ana ako, nonse m'kamwa muno!"

Kankhono anachita mantha, inde, koma sanabisale m'chigoba. Ine kanthu kameneka ndimakagomera.

"Chabwino, madzi atiweruze," anatero. "Akabwera ife n'kukhala pansi pake, mutidye. Koma khalani pafupi, pofewa apa, tingakuthaweni."

Kuthawa nkhono! Koma wadyera saganiza kawiri. Nguluwe anakhala pofewapo, phwatha! Mimba yodzaza nkhanu ija inayamba kumira, pang'ono ndi pang'ono. Mwini wake osamva n'komwe, maso ali pa ndiwo.

Madzi aja anayamba kubwera. Kankhono anaitana ana ake, nayamba kukwera bango. Madzi akakwera, iwo akwera. Madzi akakwera, iwo akwera.

"Mukupita kuti?" anakuwa Nguluwe.

"Kokapuma, achimwene. Umboni uja ndi umenewu."

Nguluwe anati awakhwathule asanatalike, koma miyendo gwa! Matope agwira. Madzi anafika m'mimba, anafika pamsana, iye mphuno m'mwamba, fwe fwe fwe.

"Mayo ine! Ndikufa!"

Kankhono anasuzumira ali pamwamba pa bango. "Mukufa bwanji? Paja munati wogona m'matope ndi wa m'madzi. Miranitu, mukapume pansipo."

"Ayi, ndine wa mpweya ine! Tonse ndife a mpweya, mlongo wanga!"

"Bwerezani, ana anga amve bwino."

"Mlongo wanga weniweni! Anawo ndine malume awo!"

Apo Kankhono anamva chisoni, chifukwa mtima wake unali wabwino kuposa wanga. "Lekani kupalasa. Gonani chammbali, madziwo akunyamulani."

Nguluwe anagona chammbali. Matope anamulavula, thapu! Anatuluka akutsokomola mchere, nalowa m'tchire osacheuka. Kuyambira pamenepo, akaona kachigoba pamatope amayamba wafunsa malonje.

Nthano yanga yathera pompa, wina akaphule chinangwa chija chisanapserere. Koma ana inu, muzisamala nawo abale ena. Chibale amachikumbukira madzi akafika m'khosi.