Chiganizo Chokhota Chimene Bambo Anachisiya

"Ababa, ngati mwaona kuti n'cholakwika, bwanji simukuchikonza?" Anafunsa motero Mwandida, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, atamva bambo ake akung'ung'udza pamaso pa kompyuta. Bamboyo sanamuyankhe tsiku limenelo.

Bambo ameneyu anali wokonza mafoni pamsika wa Balaka. Za makompyuta anaphunzira kusukulu yamadzulo. Iye ndi anzake ankasamalira pulogalamu yaulere ya pafoni, yokumbutsa amayi tsiku lopita ndi ana kusikelo. Aliyense wodziwa ankaloledwa kuitsegula m'kati ndi kuikonza. Mauthenga ake ankalembedwa m'Chingerezi, kenako anthu ongodzipereka ankawamasulira m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka ndi m'Chisena.

Gululo linali ndi mwambo wake. Pulogalamu yokonzedwanso ikayandikira kutuluka, mawu ankatsekedwa, ndipo panalibe wololedwa kukhudza chiganizo cha Chingerezi. Pajatu kumasulira kulikonse kunali komangirira ku chiganizo chake. Munthu akasintha ngakhale liwu limodzi, zomasulira zonse zinkaduka, foni ya mayi wa ku Namwera n'kuyamba kumulankhula m'Chingerezi.

Mawu atatsekedwa kale, mnzake wina wa bamboyo dzina lake Kalitsiro anapeza vuto. Mwezi ukamatha pulogalamu inkasokoneza masiku, n'kumakumbutsa mayi za katemera tsiku litadutsa. Kalitsiro anakonza bwino lomwe. Ali pomwepo anaona kuti chiganizo chokumbutsacho n'chachitali ndi chokhota. Anachiwongolanso, n'kutumiza zonse pamodzi.

Bambo a Mwandida ndiwo anali ovomereza zosintha. Chiganizo chokhotacho bamboyo anachilemba yekha kalekale, ndipo chinkamuchititsa manyazi. Cha Kalitsiro chinali chabwino zedi. Omasulira ena anati atha kuthamanga nacho. Ndiye bambo uja anaimbira Abiti Sumaili, mayi womasulira Chiyao.

"Mwanangu, ndili pamaliro a mlamu wanga ku Katuli," iwo anatero. "Kuno foni imagwira ukakwera pachulu. Ndibwera sadaka ikatha."

Bamboyo anauza Kalitsiro zimenezi.

"Ndiye tidikire, achimwene," anatero Kalitsiro.

"Tikadikira, ana akupitiriridwa katemera."

"Basi titulutse momwemo. A ku Namwera awerengeko Chingerezi mwezi uno, safa nacho."

"Iwe amayi ako aja ungawatumizire uthenga wa kuchipatala m'Chingerezi?"

Kalitsiro anaseka. "Angafunse ngati ndalodzedwa."

Bambo uja anagawa ntchito ya mnzakeyo pawiri. Zokonza masiku anazilandira. Chiganizo chokongola anachiika pambali, n'kubwezera chake chokhota chija pamalo pake, osasintha kanthu. Atatero anatulutsa pulogalamu.

"Dziko lonse liona Chingerezi chopunduka chimenecho, dzina lanu lili pomwepo," Kalitsiro anadandaula.

"Likhale pomwepo," iye anayankha.

Mwezi umenewo mafoni a ku Namwera analira pa tsiku loyenera, ndipo analankhula Chiyao. Abiti Sumaili atabwerako kumaliro, mawu anatsegulidwa. Chiganizo cha Kalitsiro chinalowa, omasulira onse ali pomwepo.

Inu amene mumagwira ntchito imene ena amamangirirapo yawo, imvani. Zolakwika sizifanana kulemera. China chimapweteka munthu, ndipo chimenecho musagone nacho. China chimangokupwetekani inu m'maso. Musanachikhudze, funsani kuti ndani ali kutali amene ntchito yake iduke chifukwa cha changu chanu. Ngati sangafike lero, pirirani manyazi anu mpaka afike.

Funso la mwana wake bambo uja anayenda nalo masiku onsewo, kufunafuna mawu oti mwana amve. Tsiku lina akumuperekeza kusukulu, anamumangira chingwe cha nsapato, n'kunena ali chogwada:

"Mwandida, unandifunsa tsiku lija. Chimene chinkapweteka ana ndinachikonza pomwepo. Chimene chinkangondichititsa manyazi ine ndinachisiya, chifukwa sindinachigwire ndekha. Mbali ina anagwira mayi wina amene anali kumaliro. Ndikanachikoka, chikanawapulumuka m'manja. Ndinawadikira, mwanangu."