Voti ya Chitsononkho

Panali munthu wina kudera la kumapiri, dzina lake Kamphinda, amene anthu anamusankha kukhala khansala. Sanali munthu woipa ayi. Matenda ake anali omwe tili nawo ambirife: pakamwa pa mwana ankangopaona ngati polowera chakudya basi.

M'tsinde mwa phiri la kwawoko munali kasupe wosaphwa. Ndiye kunabwera kampani yofuna kuphwanya miyala m'phirimo. Inalonjeza ntchito ndi msewu wa tala, koma aliyense ankadziwa kuti phiri likang'ambidwa, kasupe adzauma. Makhansala anagawikana pakati. Dzanja la Kamphinda ndilo linatsala kuti limalize nkhani, ndipo mumtima anali atavomera kale, poti anthu ankalira ntchito, chisankho nacho chinali pafupi.

Mwana wake wamkazi, Ndaziona, wa ku pulayimale, anayesa kulankhulapo. "Ababa, nanga kasupe uja adza..."

"Iwe, zandale si za ana. Katsuke mbale."

Tsiku la msonkhano wa khonsolo, njinga yake yamoto inakana kulira. Anayenda wapansi, kudzera njira yachidule ya kukasupe. Pansi pa mkuyu anapeza ana akuchita masanje. Koma masanje a tsikulo sanali ophika. Anali a khonsolo. Kamnyamata kena kanamanga tayi wa luzi la nthochi, kataunjika masanza m'malaya kuti mimba ituluke, n'kumatsokomola kasanalankhule, ndendende Kamphinda. Kamphinda mwini wake anabisala kuseri kwa mtengo, atagwira pakamwa kuti aseke bwino.

Anawo sankaseka. Mnyamata wina anaimirira nati akufuna kampaniyo ibwere, chifukwa bambo ake anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo nkhope yawo wayamba kuiiwala. Mtsikana wina anati akuluakulu amakamba za madzi atakhala pampando, koma ndowa imakhala pamutu pa iye. Anatsutsana, anamvetserana, palibe anatukwana mnzake.

Kenaka wa tayi wa luzi uja anati, "Okana kampani akweze manja."

Ndaziona, amene anali pakati pa anawo, anakweza dzanja. Atatero anamasula kansalu kumsana, natulutsa chitsononkho chimene anabereka ngati mwana, n'kuchikwezanso m'mwamba. Atsikana anzake anachita chimodzimodzi.

"Chinyengo chimenecho," anatero mnyamata wofuna kampani uja. "Zitsononkho sizivota."

Ndaziona anayankha mofatsa. "Uyu ndi mwana wanga, dzina lake Tilipo. Sanabadwe, koma adzamwa pano nthawi yaitali kuposa tonsefe. Inu akhansala mudzakhala mutafa. Muwerengeni."

Khansala wamasanjeyo anakanda mutu, natsokomola, nayamba kuwerenga zitsononkho chimodzichimodzi.

Kamphinda analeka kuseka. Anayang'ana timanja tija tili m'mwamba, ndipo kumbuyo kwa anawo ankachita ngati akuona khamu losawerengeka, anthu opanda nkhope ndi maina, ataima chete kudikira kuti aone chimene dzanja lake liwapangire. Anachita mantha, mantha aja amamugwira munthu akazindikira kuti waima pamalo opatulika. Anavula chipewa. Anatuluka kuseri kwa mtengo, nakhala pansi pafumbi ndi suti yake, pakati pa anawo.

"Musathawe," anatero. "Yambiraninso, ndimve bwino."

Anamva onse, ngakhale mwana wa bambo wa ku Joni uja, amene mawu ake anamulasa mtima. Ku khonsolo anafika mochedwa, thalauza lili mbuu. Anafotokoza zimene anamva, ndipo povota anakana kampaniyo, phiri silinang'ambidwe.

Musaganize kuti anamuombera m'manja. Anthu anakwiya. Anamupatsa dzina loti khansala wamasanje, ndipo pachisankho anagwa chagada. Ndaziona anakula, nakwatiwa kutali kuchigwa. Kamphinda anakalamba ali munthu wamba.

Chaka china mvula inakana. Mijigo inauma, mitsinje inasanduka misewu yamchenga. Kasupe yekha ndiye ankabwibwitabe, ndipo anthu ankabwera ndi zigubu kuchokera kutali, omunyoza aja ali pamzere womwewo. Nkhalambayo inkakhala pansi pa mkuyu.

Chilalacho chinabweza Ndaziona kwawo, ali ndi mwana amene agogo ake anali asanamuonepo. Atatsika basi anauzidwa kuti bambo ake ali kukasupe, ndipo analunjika komweko. Mwanayo anamwa madzi mpaka kupuma mwabefu. Kenaka anatunga ena m'chikho, nagwada, napereka kwa nkhalamba ija ndi manja awiri.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Ndine Tilipo, agogo."

Kamphinda anayang'anitsitsa mwanayo, chikho chili m'manja. Ndaziona anagwada pambali pake, misozi ili m'maso. "Ababa, ndi chitsononkho chija. Chabwera kudzamwa madzi ake."

Abale anga, sindikunena kuti mwana salakwa. Mwamva nokha kuti anawo ankatsutsana, monga timachitira ifenso. Ndikunena kuti zimene timavotera lero, amene adzazisenze nthawi yaitali ndi iwowo, pamodzi ndi ana amene awabereka kale m'maganizo. Tsono mwana wanu akadzatsegula pakamwa pa nkhani ya dziko, mbale zidikire. Khalani pansi, mumufunse kuti wabereka ndani kumsana.