Ng'ombe ya Phula

Panali mmisiri wina wokalamba, bambo Chatepa, amene ankaumba nyama za mkuwa. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndipo ankadziwa kuti ntchito zawatsalira zochepa.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye, Nasimango. Chaka cha madzi osefukira, ng'ombe yake yapangolo inawolotsa ana ake anayi padambo, madzi akuilekeza m'khosi. Itafika kumtunda inagwa, osadzukanso. Mayiyo ankafuna chifanizo chake kuti adzukulu adzaidziwe.

Bambo Chatepa anavomera. Anaumba thupi ladongo, lalikulu ngati kamwana ka mbuzi, nalikuta ndi phula la njuchi. Paphulapo ndi pamene anagwirapo ntchito miyezi itatu. Ankafunsa mayiyo za linunda, za makwinya a pakhosi, za mmene inkaweramitsira mutu ikamakoka. Dzanja likayamba kunjenjemera, ankaligwira ndi linzake n'kupitiriza.

Atamaliza, Nasimango anabwera kudzaona. Anakhala pansi, nagwira pakamwa. Inali ng'ombe yake yomwe ija.

"Ndiye chatsala n'chiyani, bambo?" anafunsa.

"Ndiimata dongo, ndiiike pamoto. Phula lisungunuke, lituluke lonse. M'malo mwake ndithiremo mkuwa."

"Nanga dongolo likang'aluka?"

"Ndiye kuti tataya zonse, mayi. Ndipo manja angawa sangaumbenso ina yotere."

"Ndipatseni momwe ililimu. Inandifera kamodzi, isandiferenso."

Bambo Chatepa nawonso ankaikonda, pakuti pa moyo wawo wonse anali asanaumbepo chinthu chokongola chotero. Koma phula ankalidziwa. Ankadziwa kuti dzuwa la Okutobala likadzalowa m'nyumba yamalata, miyendo idzapindika, nkhope n'kusanduka chibulumwa.

"Mukaitenga lero, mudzasangalala nayo chilimwe chimodzi," anatero. "Adzukulu anu sadzaipeza."

Mayiyo anapukuta misozi, nati, "Chitani mmene mukudziwira."

Mmisiriyo anasakaniza dongo losalala ndi ndowe ndi mankhusu a mpunga. Anamata ng'ombeyo pang'onopang'ono mpaka maso ndi nyanga zinabisika, nasiya timabowo. Chikombolecho chitauma, anachiika pamakala. Phula linayamba kudontha. Anaima pomwepo akuyang'ana ntchito ya miyezi itatu ikutsikira m'mbale ngati mafuta, ndipo sanachotse khala ngakhale limodzi.

Kenaka anasungunula mipope yakale ndi maloko othyoka m'ng'anjo. Mkuwa utayera ngati dzuwa, ananyamula mphikawo ndi mbaniro, naumitsa mikono, nathira ulendo umodzi osadukiza. M'mawa mwake anatenga nyundo n'kuswa chikombole.

Ng'ombe inatuluka yakuda bii, yokhakhala, nsonga ya khutu limodzi itaperewera. Koma inaima ndi miyendo yake inayi. Anaipala ndi tupa masabata awiri mpaka makwinya onse a pakhosi anaoneka. Nasimango anaiika pabwalo pakhomo pake. Mvula yaivumba, dzuwa laiwomba, ana aikwera pamsana mpaka pachita kunyezimira, koma ilipobe.

Inu amene mukumva, aliyense wa ife ali ndi kanthu kake kaphula: luso, mwana, ntchito imene waisamala zaka zambiri. Timaopa kukapereka kumoto, ndiye timakasunga pamthunzi, n'kumati tikukateteza. Mkulu uja ankakonda ntchito yake kuposa tonsefe, komabe anasonkhezera makala ndi manja ake. Chimene mukufuna kuti chidzakhalepo inu mutapita, musachiumirire chikadali chofewa. Lolani chiyesedwe.