Mphwawo wa a Lembani

Pakoleji ya zaulimi ija panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Lembani, chifukwa akalowa m'kalasi mawu awo oyamba anali omwewo: "Lembani!" Ankaphunzitsa za matenda a mbewu. Ankatulutsa m'chikwama mapepala ofiirira ndi ukalamba n'kuyamba kuwerenga, ophunzira mitu ili pansi, zolembera zili paliwiro. Kale njira imeneyi inali ndi mbiri. Mabuku anali osowa, ndipo wofuna nzeru ankazipeza pakamwa pa a Lembani basi, moti ena ankamvetsera ali pawindo. Vuto linali lakuti bambowa ankayesa kuti kale lija lidakalipo.

Chaka china koleji inagawa phunziro lawo pawiri, gulu lina n'kulipereka kwa mayi wachitsikana amene anaphunzitsidwa ndi a Lembani omwewo. Iyeyu anabwera ndi zake. Anachotsa mabenchi pamizere n'kuika matebulo ozungulira. Mafotokozedwe ake ophunzira ankamvera pafoni asanabwere, ndipo m'kalasi ankalowa ndi masamba odwala othyola m'munda wa koleji. Ankawatembenuza, kuwanunkhiza, kuwaika pamakina okuzira zinthu, n'kukangana mpaka atagwirizana kuti ndi nthenda yanji. Phokoso lake linkadutsa khoma n'kukawasokoneza a Lembani.

Tsiku lina mayiyo anagogoda pa ofesi yawo.

"Aphunzitsi, bwanji tiphatikize magulu athuwa? Zimene mumadziwa inu, ine sindinazifike n'komwe. Anawa akamakangana, inu muzingodutsa m'matebulomo n'kumawawongola."

"Ine ndiziyendayenda m'matebulo ngati woperekera zakudya mu lesitilanti?" anafunsa a Lembani, magalasi ali pamphuno. "Mwana iwe, ndinakuphunzitsa ndine. Kodi kulembako unafa nako?"

"Sindinafe, aphunzitsi. Koma tsiku langa loyamba pantchito ndinalira. Mlimi anandipatsa tsamba, ine osalizindikira. Komanso mwamva kuti chaka chino mayeso omaliza akhala a masamba enieni."

"Tsamba ndi tsamba. Wodziwa za m'buku sasochera. Unditsekere chitseko potuluka."

Ophunzira anali ndi ufulu wosankha gulu, ndipo anayamba kusamuka mmodzimmodzi. A Lembani ankati akuchokawo ndi aulesi, okonda macheza. Mwa ochepa otsalawo munali mphwawo, mwana wa mlongo wawo, amene ankakhala pakhomo pawo. Mnyamatayu anali atalephera kale phunziroli chaka chapitacho, ndipo lamulo la koleji linali losabisa: wolephera kawiri anyamule katundu. Mayi ake, amene anamulera okha bambo ake atamwalira, anachita kudzamutula m'manja mwa amalume ake. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa mwana mmodziyu.

Madzulo ena akudya, mnyamatayo analimba mtima.

"Amalume, anzanga akuti kwa amayi aja zinthu zikumveka. Ndimati mwina ndikayeseko."

A Lembani anakankhira mbale patali. "Ugone m'nyumba mwanga, kenako ukakhale kwa mwana wa dzulodzulo uja? Anthu aziti chiyani? Aziti ngakhale magazi ake omwe amuthawa!"

"Bambo, mulekeni mwana apite," anatero akazi awo. "Akalowe m'mayeso ndi iyeyu, si inu."

"Mayi, za kukoleji zisiyeni."

Nkhani inathera pomwepo. Mnyamatayo anatsala, ndipo kunena zoona analimbikira. Analoweza mapepala onse a amalume ake mpaka ankawatchula ngati nyimbo. Ukamufunsa nthenda iliyonse, ankakuuza dzina lake, chimene chimaiyambitsa ndi mankhwala ake osapumira. A Lembani ankamumvetsera akugwedeza mutu, mtima uli m'malo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana womvera ndi amene anapwetekeka, amwano onse atapulumuka.

Tsiku la mayeso, woyesa wochokera kukoleji ina anayala patebulo lalitali masamba a tomato, a nyemba ndi a chimanga. Wophunzira aliyense ankayenera kunyamula tsamba, kutchula nthenda yake ndi kunena chimene mlimi angachite. Aphunzitsi analoledwa kuonerera ali pakhomo, osayankhula. A Lembani anaona ana a gulu lina lija akunyamula masamba mosaopa, ena kuphonya apa ndi apo, koma ambiri kulasa.

Kenako inafika nthawi ya mphwawo. Ananyamula tsamba la tomato la mawanga ofiirira. Analitembenuza. Anayamba kunong'ona, akuwerenga za m'mutu. Koma m'mapepala aja matenda angapo ankayamba ndi mawu omwewo akuti mawanga ofiirira, ndipo tsamba silinena kuti lili pandime iti. Anatchula dzina limodzi, n'kulibweza, n'kutchula lina. Ndiye anadzutsa mutu n'kuyang'ana amalume ake.

A Lembani nthendayo anali ataizindikira kale, ali pakhomo pomwepo. Mawangawo anali ndi mizere yozungulira m'kati, chinthu chimene maso awo anachidziwa ali anyamata, akuyenda m'minda ndi alimi. Nzeru imeneyo anali nayo nthawi yonseyi, koma sanaikepo tsamba ndi limodzi lomwe m'manja mwa mwanayo. Manyazi anawagwira, ndipo anayang'ana pansi.

Zotsatira zitatuluka, mlongo wawo anabwera kudzatenga mwana wake. Sanakalipe. Anakhala pampando, manja ali pamiyendo.

"Achimwene, mundiuze zoona kuti ndidziwe. Kodi mwanayu ndi wopanda mutu?"

"Ayi, mutu ali nawo," anayankha a Lembani motsitsa mawu.

"Kapena ankachita ulesi?"

"Ayi."

"Nanga chinavuta n'chiyani?"

A Lembani anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Akazi awo anadzuka n'kulowa kukhitchini. Mnyamatayo anatuluka kuchipinda ndi chikwama chake, n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

"Tsalani bwino, amalume. Pepani, ndakuchititsani manyazi."

Mawu amenewo anawalasa kuposa chipongwe chilichonse. Anaima pakhonde akuyang'ana mayi ndi mwana akutsika msewu, mwanayo atasenza chikwama, mayi ake akupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa mpango. Anafuna kuwaitana, koma panalibenso choti awapatse. Njira imene inanola anthu dzana inali itamuphera tsogolo mwana wa mlongo wawo, pakuti akulu sananame: tsobola wakale sawawa.